Masiku awiri ku Franschhoek: phiri liyambe, vinyo atsatire

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Cape Town timaidziwa Franschhoek ngati malo a ntchito basi. Wina mlamu wake amasamalira maluwa panyumba ya alendo kumeneko, wina mchemwali wake amatsuka mbale mulesitilanti, wina anakathyolako mphesa chaka chatha. Mukawafunsa ngati anakwerapo phiri limene amaliona tsiku ndi tsiku pawindo la kukhitchini, amaseka n'kunena kuti, "Achimwene, zimenezo n'za anthu a ndalama." Ine ndikukana. Chodula kumeneko ndi chakudya cha m'malesitilanti otchuka ndi malo ogona a pakati pa tauni. Koma phiri, msewu wokhotakhota wa m'phirimo, msika wa Loweruka ndi mbiri ya chigwachi, munthu wa malipiro wamba angazikwanitse, bola ulendo aukonze bwino. Malangizo awa ndi a Loweruka ndi Lamlungu, ndipo msana wake ndi umodzi: zofuna miyendo ndi mapapo muzichite tsiku loyamba, zofuna tambula muzisiyire tsiku lachiwiri.

Choyamba: sankhani mwezi

Iwalani kalendala ya kumudzi. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, pomwe Disembala mpaka Febuluwale kumakhala dzuwa lowotcha ndi nthaka youma gwa. Franschhoek ili m'chigwa chotchingidwa ndi mapiri mbali zitatu, choncho kutentha kukalowa sikutuluka msanga. Masana a mu Febuluwale amatha kupitirira madigiri 35, ndipo amene anakhalako ku Chikwawa adzakumbuka kwawo.

Ine ndimakonda nyengo ziwiri. Seputembala mpaka Novembala mapiri amakhala ndi maluwa, timitsinje tili ndi madzi, minda ya mpesa ikuphukira. Malichi mpaka Meyi kukolola kumakhala kukutha, masamba a mpesa akusanduka achikasu ndi ofiira, kutentha kwachepa. Ngati mukufuna kuona ntchito yokolola, mathirakitala akukoka ngolo zodzaza mphesa, pitani mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, koma phiri mudzalikwere kusanache kwenikweni.

Samalani ndi masabata a zikondwerero. Pakati pa Julayi pamakhala Bastille Festival, pomwe tauni yonse imavala zofiira, zoyera ndi zabuluu pokumbukira tsiku la dziko la France la 14 Julayi. Mu Meyi pamakhala msonkhano wa alembi ndi okonda mabuku. Masiku amenewa malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera. Ngati simukupitira chikondwererocho, asiyeni.

Chachiwiri: gwirizanani za woyendetsa musanatchule n'komwe tsiku

Nkhani iyi muithetse kunyumba, osati Lamlungu madzulo aliyense maso atafiira. Lamulo la South Africa limaika malire a mowa m'magazi a woyendetsa pa magalamu 0.05 pa mamililita 100, ndipo kulawa pa minda iwiri yokha kumakudutsitsani malirewo. Kwa ife alendo m'dziko muno, mlandu woyendetsa utamwa umatha kukhudzanso mapepala okhalira. Pezani mnzanu amene samwa, ndipo mwa Amalawife sasowa: alipo a Seventh Day, Asilamu, akuluampingo. Mumulipirire mafuta ndi nkhomaliro, nayenso asangalale.

Kuchoka pakati pa Cape Town ndi makilomita pafupifupi 75, ola limodzi ndi mphindi zochepa msewu ukakhala wopanda mpanipani. Njira yachidule ndi N1 yolowera ku Paarl, kenako n'kukhotera mu R45 umene umakulowetsani mpaka mumsewu waukulu wa tauniyo, Huguenot Road. Njira ina ndi yodzera ku Stellenbosch n'kukwera Helshoogte Pass pa R310. Yachiwiriyi ndi yokongola kwambiri, koma muisungire pobwerera.

Opanda galimoto akwere sitima ya Metrorail mpaka ku Paarl, n'kupeza minibasi ya ku Franschhoek, yomweyo imene amakwera ogwira ntchito m'minda. Imanyamuka ikadzaza ngati za kwathu zomwe, ndipo Lamlungu madzulo zimachepa. Musadalire kwambiri galimoto zoitana pafoni. Ine ndinaimapo panja pa geti la munda wina kupitirira ola dzuwa likulowa, foni ikungozungulira, mpaka mlonda anandimvera chisoni n'kuimitsa bakkie ya mnzake.

Chachitatu: pogona ndi zonyamula

Za pogona sindichulutsa. Mukatalikira Huguenot Road mtengo umatsika. Funani nyumba yodziphikira nokha, mugawane mtengo anthu anayi kapena asanu, kapena mugone ku Paarl, mphindi pafupifupi 30 pagalimoto. Amene muli ndi achibale ku Groendal, kumene kumakhala ambiri ogwira ntchito m'tauniyi, mwapeza kale, koma musapite manja lende.

M'chikwama cha kuphiri muikemo madzi osachepera malita 2 munthu aliyense, chipewa, jekete yotchinga mphepo ngakhale kunja kukuoneka kowala, nsapato zogwira pamiyala, foni yodzaza moto ndi kamba: buledi, mazira owiritsa, mtedza, nthochi. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa mutengenso. Timadzinamiza kuti khungu lakuda silipsa, koma dzuwa la ku Cape limasenda mphuno ya aliyense. Chiphaso chanu chisachoke m'thumba. Sungani ndalama zachitsulo za anyamata olondera galimoto poimika, ndipo mulesitilanti mwambo wake ndi kuonjezera 10 pa 100 iliyonse ya bilu, kuthokoza wokutumikirani.

Chachinayi: Loweruka m'mawa, kwerani Mont Rochelle

Nyamukani ku Cape Town 5 koloko itangopitirira. Mukafika m'tauni musaime, dutsani msewu wonse mpaka kumapeto kumene kuli chipilala, khoterani kumanzere n'kuyamba kukwera Franschhoek Pass. Pamwamba penipeni pa msewuwu, mamita opitirira 700 kuchokera pa nyanja yamchere, pali geti la Mont Rochelle Nature Reserve. Ubwino wa malowa ndi womwewu: galimoto yakukwererani theka la phiri, inu mukuyamba kuyenda muli kale m'mwamba.

Pamafunika chilolezo cholipira. Chiguleni pa intaneti musananyamuke, kapena mufunse ku ofesi ya zokopa alendo m'tauni. Jambulani mapu a njira amene ali pageti, chifukwa netiweki imasowa mukalowa mkati.

Njira zilipo zingapo, koma ndikambe ziwiri. Ya Uitkyk, dzina lotanthauza poonera patali m'Chiafrikaans, ndiyo ya aliyense amene miyendo yake ili bwino. Imakwera pang'onopang'ono m'kachigwa ka pakati pa nsonga ziwiri, n'kukathera pamalo pamene nthaka imangoduka mwadzidzidzi, pansi pake patali mukuona damu la Wemmershoek lili phee pakati pa mapiri. Kupita ndi kubwera ndi maola awiri kapena atatu, kutengera kuti mukuima kangati. Khalani pamenepo, idyani mazira anu, musathamangire kutsika. Ana a zaka khumi amafika bwinobwino.

Ya Perdekop ndi nkhani ina. Nsonga yake ili pa mamita 1,575, ndipo imadya tsiku: maola 6 kapena 7. Wina anena kuti, ife tinakwera Sapitwa wa mamita 3,002, kaphiri aka n'kachiyani. Zoona, Perdekop safika ngakhale pa msinkhu wa phiri la Zomba. Koma mapiri a kuno alibe mthunzi. Palibe mitengo ya mkungudza kapena nkhalango yobisalamo, ndi miyala ndi tchire lofika m'chiuno basi, ndipo nyengo imatembenuka mofulumira. Mphepo ya kummwera chakummawa ikayamba kukankha mtambo pamwamba pa nsonga, mumphindi zochepa simuonanso mnzanu amene ali kutsogolo. Mukaona mtambo ukutsetsereka paphiri ngati chiperoni cha ku Thyolo, bwererani, osakambirana. Ngati mwasankha Perdekop, dziwani kuti msika wa masana muuphonya, ndiye kwa ulendo woyamba ine ndimati Uitkyk yakwana.

Tchire limene mukudutsamolo musalione ngati thengo wamba. Limatchedwa fynbos, ndipo chigawo chino cha Cape chili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse padziko. Duwa lalikulu ngati mbale, la masamba olimba ofiirira, ndi king protea, duwa la fuko la South Africa. Mudzaonanso mbalame ya mchira wautali kuposa thupi lake ikutera pamaluwa amenewa kumwa timadzi take. Chodabwitsa n'chakuti tchireli limafuna moto pakapita zaka zingapo kuti mbewu zake zimere, koma moto ukabwera pafupipafupi umapha zomera zisanabereke. N'chifukwa chake kusonkha moto kapena kutaya ndudu m'phirimu ndi mlandu, ndipo kuthyola duwa n'koletsedwa. Amayi, ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, koma jambulani chithunzi basi.

Nyama zimene zingakuvuteni ndi ziwiri. Mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira ndipo sithawa, choncho yang'anani poponda, makamaka m'miyezi yotentha. Anyani amapezeka m'mbali mwa msewu wa m'phiri, ndipo anazolowera anthu moti amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto. Musawapatse chakudya, musadye pamaso pawo, tsekani mawindo. Akambuku aliko m'mapiri amenewa, koma ndi amanyazi kwambiri, mukaona phazi lake pamchenga mwachita mwayi. Musayende nokha, uzani wina kumene mwapita ndi nthawi yobwerera, ndipo pakagwa ngozi imbani 112 pafoni ya m'manja.

Chachisanu: masana, msika ndi chipilala

Mukatsika cha m'ma 11 koloko, pitani molunjika kumsika wa Loweruka umene umachitikira pabwalo la tchalitchi choyera cha Dutch Reformed pa Huguenot Road. Pansi pa mitengo pamakhala ogulitsa buledi, tchizi, nyama youmitsa imene amati biltong, zosemasema ndi zakudya zophikaphika. Apa ndi pamene mungadye nkhomaliro yokhuta pamtengo wosaliza. Mukamva Chichewa kuseri kwa tebulo lina musadabwe, perekani moni.

Tchalitchicho chinamangidwa mu 1847, ndipo a CCAP ya Nkhoma aime kaye pang'ono. Mpingo wa Dutch Reformed wa kuno ku Cape ndiwo unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok amene anakayamba mishoni ku Mvera mu 1889, ntchito imene inadzabala Sinodi ya Nkhoma. Amene tinakulira kuitana mpingo wathu kuti wa Adatchi, mizu ina ya dzinalo ili m'matchalitchi oyera a m'zigwa ngati chino.

Mukatero yendani wapansi msewu wonse, sudutsa mphindi 20. Muona mayina a Chifalansa paliponse: La Motte, Cabrière, Provence, Chamonix, Dieu Donné. Chifukwa chake chili kumapeto kwa msewu, pa Huguenot Monument. Mu 1685 mfumu ya France, Louis XIV, inathetsa lamulo lotchedwa Edict of Nantes limene linkalola Apulotesitanti kupembedza mwaufulu. Ambiri mwa Apulotesitanti amenewa, otchedwa Huguenot, anathawira ku Netherlands, ndipo kampani ya Adatchi imene inkalamulira Cape inatengako ena kudzawapatsa minda kuno kuyambira mu 1688, wolamulira Cape ali Simon van der Stel. Chigwachi chinkatchedwa Olifantshoek, ngodya ya njovu, chifukwa njovu zinkayendamo. Kenako chinasanduka Franschhoek, ngodya ya Afalansa. Chifalansa chenichenicho chinafa patangopita mibadwo yochepa, poti akuluakulu a kampani ankafuna kuti sukulu ndi tchalitchi zikhale m'Chidatchi, koma mayina anatsala. Du Toit, De Villiers, Le Roux, Joubert, Du Plessis: mayina amene mumawamva pa rugby kapena kwa abwana kuntchito anachokera kwa othawa kwawo amenewa.

Chipilalacho chinatsegulidwa mu 1948. Musangojambula n'kuchoka, chiwerengeni. Mizati itatu yopindika pamwamba ikuimira Utatu Woyera. Mayi amene waima kutsogolo wanyamula Baibulo kudzanja lamanja ndi unyolo woduka kumanzere, ndipo akuvula chofunda, chizindikiro chotaya kuponderezedwa. Pafupi pake pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za anthuwa, mipando, Mabaibulo, zida za kumunda ndi mndandanda wa mabanja. Kulowa n'kolipira koma sikodula, ndipo ola limodzi limakwana.

Ine ndikaima pamenepo maganizo amandigawikana. Ndife obwera nafenso, timadziwa tanthauzo la kusiya kwanu ndi kathumba kamodzi. Koma minda imene othawawa anapatsidwa inali msipu wa ng'ombe ndi nkhosa za Akhoi, eni nthaka a kuno, ndipo amene anakumba maenje a mpesa ambiri anali akapolo. Unyolo woduka wa mayi uja ndi wa chipembedzo, unyolo wachitsulo unakhalabe m'minda yomweyi zaka zina 150. Mawa mukamabwerera ndikuonetsani kumene mbali imeneyi ya nkhani ikupezeka.

Chachisanu ndi chimodzi: madzulo, bwererani kumsewu wa m'phiri

Mukapuma, cha m'ma 4 koloko kwerani Franschhoek Pass kachiwiri, ulendo uno mudutse geti lija n'kutsikira mbali inayo. Msewuwu unamangidwa ndi asilikali motsogozedwa ndi Major William Holloway ndipo unatha mu 1825, potsata dera limene njovu zinkadutsa kale. Mukamatsika mudutsa pakamlatho kamiyala ka Jan Joubertsgat, komangidwa nthawi yomweyo, kamene kamatchulidwa kuti ndi kamodzi mwa milatho yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito m'dziko muno. Mukapanda kutchera maso mukadutsa osakaona, poti phula linakaphimba pamwamba.

Kumunsi kuli damu la Theewaterskloof, lalikulu kuposa onse amene amamwetsa Cape Town. Amene tinali kuno mu 2018 tikukumbukira kusamba ndi kachidebe ndi kuwerengera malita 50 patsiku. Damu limene linkaonetsedwa pa TV lili mchenga wokhawokha ndi zitsa za mitengo ndi limeneli. Kuliona lili ndi madzi kumakhazika mtima pansi. Tembenukani pamenepo, ndipo pobwerera muime pamalo oimikapo galimoto amene ali mbali yoyang'ana tauni. Dzuwa likamapendeka chigwa chonse chimaoneka pansi panu, mizere ya mpesa, madenga, timadamu tonyezimira, ngati mmene minda ya tiyi imaonekera mukaima pamtunda ku Thyolo, kungoti mapiri a kuno ndi osongoka ndi otuwa. Zimenezi n'zaulere.

Woyendetsa asamale. Makona ena ndi opindika ngati chigongono, mumadutsa malole, ndipo Loweruka mumachuluka anjinga zamoto ndi zakapalasa. Mvula yambiri ikagwa msewuwu umatha kutsekedwa chifukwa cha kugumuka kwa nthaka, monga zinachitikira mu Seputembala 2023, choncho m'nyengo ya mvula funsani kaye musanakwere.

Chachisanu ndi chiwiri: Lamlungu, sitima ya vinyo

Franschhoek Wine Tram inayamba mu 2012, ndipo imayenda panjanji yakale imene inamangidwa mu 1904 kuti alimi azitumizira zokolola ku Paarl. Mbali ina ya ulendo mumakwera kasitima, mbali ina basi yotseguka m'mbali. Njira zake zimatchulidwa ndi mitundu, yabuluu, yofiira ndi zina, ndipo iliyonse imazungulira minda yakeyake. Mumatsika pamunda umene mwaukonda, n'kudzakwera ina ikamadutsa.

Chitani motere. Gulani matikiti pa intaneti masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa kumapeto kwa sabata amatha. Musanasankhe mtundu wa njira, onani mndandanda wa minda yake ndi malo amene imanyamukira, popeza ena amanyamukira m'tauni pomwe ena ku Groot Drakenstein, mtunda ndithu kubwerera cha ku Paarl. Onaninso ngati minda imene mukuifuna imatsegula Lamlungu. Tengani ulendo wa m'mawa, ndipo mudye kadzutsa wolemera musanakwere. Dziwani kuti tikiti ndi ya mayendedwe okha: kulawa mumalipira pamunda uliwonse paokha. Apa ndi pamene ambiri ndalama zimawathera osazindikira.

Minda itatu ndi yokwana. Inayi ndi malire. Amene amafuna kuponda yonse kuti tikiti isapite pachabe amafika pamunda wachisanu lilime litafa, sakusiyanitsanso vinyo ndi thobwa. Pamunda wachiwiri mudyepo chakudya, ndipo nthawi ya sitima yomaliza muilembe padzanja.

Kulawa kumene kulibe mwambo woopsa. Amakubweretserani mitundu inayi kapena isanu, pang'onopang'ono pansi pa tambula, kuyambira woyera kumalizira wofiira. Gwirani tambula kumwendo kwake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, izungulitseni pang'ono, nunkhizani, kenako mulawe. Kachitini kamene kali patebulo n'kolavuliramo kapena kukhuthuliramo wotsala, ndipo kutero si mwano kapena kuononga, akatswiri enieni amalavula. Ife tinaleredwa kuti chimene wapatsidwa umalize, koma lamulo limenelo lisiyeni pageti. Imwani madzi pakati pa mtundu uliwonse. Wokuthirirani akamanena kuti mukumva fungo la mapichesi kapena la utsi, inu simukumva kanthu, musachite manyazi. Nenani chimene mwamva, kaya ndi bwemba kaya masuku, ndipo nthawi zambiri amakondwa. Safunsa anadya phula: funsani kuti mphesazi zinalimidwa mbali iti ya phiri, vinyoyu anakhala miyezi ingati mumgolo wa matabwa.

Mayina atatu oti muwagwire. Cap Classique ndi vinyo wa thovu wopangidwa mofanana ndi champagne, kuwira kwake kwachiwiri kumachitikira m'botolo momwemo, ndipo chigwa chino chimatchuka naye. Ku Haute Cabrière, kumene kuli m'mbali mwa msewu wokwera phiri uja, amadziwika ndi mwambo wotsegula botolo lotere ndi lupanga. Semillon ndi mphesa yoyera imene ku Franschhoek ili ndi mitengo ina yopitirira zaka 100. Pinotage ndi wofiira wobadwira m'dziko muno: Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut, ku Stellenbosch mu 1925. Mukakonda botolo, gulani pomwepo, koma simukakamizidwa.

Mukamacheza ndi ogwira ntchito m'mindamu, kumbukirani kuti vinyo ali ndi mbiri yowawa kwa mabanja awo. Kwa zaka zambirimbiri alimi ankalipira antchito mbali ina ya malipiro ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Unaletsedwa mu 1960 koma m'minda ina unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo zipsera zake, uchidakwa ndi ana obadwa olumala chifukwa cha mowa wa mayi woyembekezera, zikuonekabe m'midzi ya ku Western Cape. Choncho nthabwala zomuuza wokuthirirani kuti ali ndi mwayi womwa ulele tsiku lililonse muzisiye.

Nanga osamwa? Tsiku lawo lisaonongeke. Minda yambiri imagulitsa madzi a mphesa osawira. Ku Boschendal, umodzi mwa minda yakale kwambiri, wa 1685, mungaitanitsiretu dengu la chakudya n'kukadyera pakapinga pansi pa mitengo, ndipo kuli njira za njinga zakapalasa. Ku Babylonstoren, cha ku Simondium, kuli dimba lalikulu la zipatso, ndiwo zamasamba ndi zitsamba zamankhwala limene mlimi aliyense wa kwathu angathemo theka la tsiku akuphunzira kayalidwe ka mabedi ndi kayendetsedwe ka madzi m'ngalande. Okonda galimoto apite ku Franschhoek Motor Museum pamunda wa L'Ormarins, kumene kuli galimoto ndi njinga zamoto za zaka zopitirira 100, koma kumeneko mumayenera kulembetseratu, simungofika.

Chomaliza: njira yobwerera

Cha m'ma 4 koloko, makiyi ali m'manja mwa wosamwa uja, muli ndi njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi poima.

Yoyamba: tsatani R45 pang'ono, n'kukhotera mu R301 wolowera ku Paarl. M'mbali mwa msewuwu muli ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster. Nelson Mandela anasamutsidwira kuno mu Disembala 1988, n'kukhala m'nyumba ya mkati mwa mpandawu miyezi 14, ndipo pageti limeneli ndi pamene anatulukira pa 11 Febuluwale 1990 atakhala m'ndende zaka 27. Panja pa geti pali chiboliboli chake chamkuwa, chibakera chili m'mwamba. Imani, jambulani chibolibolicho, koma kamera isaloze kwa alonda kapena mkati, popeza ndendeyi ikugwirabe ntchito. Mphindi 15 zakwana, kenako N1 ili pafupi.

Yachiwiri: pitirirani pa R45 mpaka pamphambano ya ku Boschendal, n'kulowa R310. Mudzi woyamba ndi Pniel. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834, koma akapolo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka pa 1 Disembala 1838. Pniel inakhazikitsidwa mu 1843 ngati mudzi wa mishoni wa anthu omasulidwawo, ndipo ambiri okhalamo lero ndi zidzukulu zawo. Makolo awo anagwidwa ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia, ndi ena kugombe la Mozambique. Pakati pa mudzi pali tchalitchi, chikumbutso cha ufulu ndi kanyumba ka zinthu zakale, kamene mungafunsiretu nthawi yake yotsegulira ngati mukufuna kulowa. Kuchoka apo msewu umakwera Helshoogte, mapiri a Simonsberg ali kudzanja lamanja, n'kutsikira ku Stellenbosch. Dzuwa limakhala likukuwombani kumaso njira yonse yopita ku Cape Town, choncho woyendetsa asaiwale magalasi akuda, ndipo mabotolo amene mwagula muwaike kubuti, okutidwa ndi jekete kuti asagundane.